Khasu la pa Soche: Minda Imene Tauni Inakankhira Kuphiri

Mvula ikakhazikika mu Januwale, dera la Soche limasintha nkhope. Kuyambira ku Nkolokosa ndi Chitawira, kutsikira ku Zingwangwa mpaka ku Chimwankhunda, Chilobwe ndi Manje, paliponse pamene patsala kadothi pamamera chimanga: kuseri kwa mpanda wa sukulu, pansi pa mawaya a ESCOM, m'mphepete mwa msewu, ngakhale papuloti imene mwini wake sanayambe kumangapo. M'munsi mwa chimangacho mumayanga maungu, cham'mbali mumaima nandolo wodikira chilimwe.

Mlendo angaganize kuti ndi anthu a kumudzi amene alowa m'tauni atasenza makasu. Komatu pano khasu ndilo linayamba kufika. Tauni inalipeza, inadya za m'manja mwake kwa zaka zambirimbiri, kenako inayamba kulikankha pang'onopang'ono mpaka linakaima pamalo pamene mlimi wodziwa ntchito yake sangasankhe kulimapo.

Pa 16 Julayi 1861, David Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie anamasula gulu la akapolo pamudzi wa Mbame. M'mawa mwake anapitiriza ulendo wawo mpaka pamudzi umene zolemba zawo zimautchula kuti wa Soche. Dziko limene ankadutsamo linali la Amang'anja, ndipo Livingstone, amene anali atayendamo kale mu 1859, anachita chidwi ndi ulimi wake. Anaona mapira, mawere, nyemba, mtedza, maungu, mbatata, fodya ndi thonje. Anaonanso amuna, akazi ndi ana akugwira ntchito limodzi kumunda, ndi makasu osulidwa konkuno ndi amisiri a ng'anjo.

Ulimi wa nthawi imeneyo unkadalira malo otakasuka. Banja linkatema mphanje, n'kuwotcha makusa kuti phulusa lidyetse nthaka, n'kubzala mbewu zosakaniza pamatutu. Munda ukatopa ankausiya kuti ugonere, iwo n'kukatema wina. Mvula ikatha, ntchito inkasamukira kudimba, m'madambo ndi m'mbali mwa timitsinje totsika m'phiri. Nkhokwe ya kumtunda ikapepuka, dimba ndilo linkafikitsa banja ku zokolola zina.

Zaka zotsatira zinali zowawa. Ayao ankalowa kuchokera kum'mawa, malonda a akapolo anali pachimake, ndipo chilala cha 1862 ndi 1863 chinapulula anthu ambiri. Amang'anja ochuluka anathawira kuchigwa cha Shire. Pofika m'ma 1870, mfumu ya Ayao, Kapeni, inali itakhazikika pa Soche. Midzi inkamangidwa mokakamira phiri chifukwa cha mantha a nkhondo, ndipo manthawo sanali achabe: mu 1884 Angoni a Chikusi anawoloka Shire n'kusakaza midzi ya kumtunda kuno. Apa m'pamene minda inayamba kukwera phiri koyamba. Inkathawa mikondo.

Kapeni yemweyo ndiye anavomera kuti amishoni a Church of Scotland amange pafupi ndi mtsinje wa Mudi. Henry Henderson anasankha malowo mothandizidwa ndi womasulira wake Tom Bokwito, ndipo mishoni ya Blantyre inayamba mu Okutobala 1876. Alendowo anabwera ndi Baibulo, mankhwala ndi nsalu, koma chakudya chokwana chaka analibe. Ufa, nkhuku, nyemba ndi mbatata zinkachokera m'midzi yozungulira, posinthana ndi nsalu ndi mikanda. Kampani ya African Lakes itakhazikika pa Mandala, chiwerengero cha pakamwa pofuna nsima chinakula kwambiri, popeza amtengatenga ambirimbiri ankadutsa pano ndi katundu pakati pa Katunga ndi Matope. Msika woyamba wa Blantyre unadyetsedwa ndi alimi ang'onoang'ono a m'tsinde mwa Soche, Ndirande ndi Michiru.

Amishoni nawo anali ndi dimba lawo, lothiriridwa ndi ngalande. Mu 1878 Jonathan Duncan anabwera ndi timbande ta khofi kuchokera ku Edinburgh. Kamodzi kokha ndiko kanapulumuka, koma kanabala mbewu imene inatsegula maso a azungu ena. Mwadzidzidzi nthaka ya kumtunda kwa Shire inasanduka chuma chogulidwa ndi kugulitsidwa.

Pamene Harry Johnston ankakhazikitsa ulamuliro wa Britain mu 1891, anapeza azungu angapo akunena kuti anagula kale malo kwa mafumu, ena posinthana ndi nsalu, mfuti ndi wonga. Johnston anawapatsa zikalata zotchedwa Certificates of Claim. M'dziko lonse zikalatazi zinakhudza maekala pafupifupi 3.7 miliyoni, ndipo kumtunda kwa Shire pafupifupi theka la nthaka yabwino linalowa m'manja mwa atsamunda. Eugene Sharrer yekha anali ndi maekala oposa 360,000. Abale a Buchanan ndi kampani ya Mandala analinso ndi zigawo zawo. M'zikalata zambiri munali mawu akuti midzi ndi minda zimene zinalipo kale zisasokonezedwe, koma mawuwo sanaganizire kuti munda wa masiku amenewo unkasuntha. Banja likasiya munda wotopa n'kukatema wina, linkapezeka kuti lalowa m'malo a bwana.

Apa ndi pamene thangata anasintha tanthauzo. Munthu wokhala pa esiteti ankalipira lendi ndi thukuta lake, ndipo bwana ankamufuna m'miyezi ya dzinja, nthawi yomweyo imene munda wake unkafuna kupalira. Pamwamba pake panali msonkho wa nyumba wa mashilingi atatu. Alhomwe amene ankathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique kuyambira m'ma 1890 ndiwo anasenza goli limeneli kwambiri, chifukwa monga obwera analibe chikalata chowateteza. Iwo anadzaza maesiteti, anawonjezera manja olima, ndipo chinangwa ndi kalongonda zawo zinalowa m'miphika ya dera lino. Panali Aafirika ochepa amene anakwanitsa kugula malo n'kulima ngati azungu, monga Joseph Bismarck wa ku Namwili, koma anali owerengeka. Mkwiyo wa ambiri unaphulika mu Januwale 1915 pa kuukira kwa John Chilembwe ku Chiradzulu, mtunda wosatalika kuchokera pa Soche.

M'zaka za m'ma 1920 boma linatsekanso khomo lina: mapiri ozungulira tauni, Soche ndi Ndirande pakati pawo, anakhala nkhalango zotetezedwa. Cholinga chinali chabwino, kuteteza akasupe ndi mitengo. Koma mlimi anapanikizika pakati, kumtunda kuli nkhalango ya boma, kumunsi kuli esiteti. Kugoneka munda kunatha. Malo omwewo ankalimidwa chaka ndi chaka, ndipo chimanga chinalanda ufumu wa mapira. Zifukwa zake mlimi aliyense akuzidziwa: chimanga chimacha msanga, mondokwa amapha njala ya mu Febuluwale, ndipo makoko ake amachiteteza ku mbalame, pamene mapira amafuna mwana wokhala pansanja kuingitsa mpheta tsiku lonse.

Tauni nayo inkakula. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo chaka chomwecho Imperial Tobacco Company inatsegula fakitale ku Limbe. Koma atsamunda sanafune kuti wantchito wachikuda akhazikike m'tauni. Ambiri ankagona m'midzi yozungulira n'kumalawirira wapansi m'bandakucha. Malipiro awo anali ochepa, ndipo mabwana ankatha kuwasunga ochepa chotero chifukwa ankadziwa kuti mkazi ali kumunda. Nsima imene kalaliki, mesenjala kapena wosankha fodya ankadya madzulo inkachokera m'khasu la mkazi wake, ndipo ndalama ya mchere ndi sopo nthawi zambiri inkachokera mumowa umene mkaziyo ankafulula. Mabuku a makampani sanalembepo ntchito imeneyi, koma ndiyo inkachirikiza phindu lawo.

Kufooka kwa dongosolo limeneli kunaonekera mu 1949. Mvula inadula pakati pa dzinja, mbewu zinauma, ndipo boma la Blantyre linali limodzi mwa madera amene anavutika kwambiri. Anthu ankayenda wapansi mpaka ku Neno, Mwanza ndi Ntcheu kukasuma. Boma linati anamwalira ndi anthu pafupifupi 200, chiwerengero chimene olemba mbiri ambiri amati n'chochepa. Megan Vaughan, amene anafufuza za njalayi m'midzi ya boma la Blantyre n'kutulutsa buku lake mu 1987, anasonyeza kuti njala sinagwire onse mofanana. Olembedwa ntchito m'tauni ankapeza chakudya kudzera kwa mabwana awo, pamene amayi amene amuna awo anachoka osabwerera, komanso okalamba, ndiwo anatsala padzuwa. Mowa, umene unali ndalama ya mayi, sunkathekanso popanda chimera.

Akuluakulu a boma anati wolakwa ndi mlimi: akuchuluka, akuwononga nthaka, akudalira chimanga chokha. Pansi pa bwanamkubwa Geoffrey Colby, malamulo a malimidwe anakhwima. Matutu analetsedwa, aliyense anayenera kuunda mizere yopingasa ndi kukumba milambala, ndipo wokana ankalipitsidwa chindapusa, kutsekeredwa kapena kuzuliridwa mbewu. Nzeru yoteteza dothi kuti lisakokoloke inali yoona, koma inabwera ndi chikoti, kuchokera kwa anthu omwewo amene ankasunga maekala ambirimbiri osalimidwa. Komiti ya Sidney Abrahams inali itanena kale mu 1946 kuti boma ligule malo ogona a maesiteti n'kuwabwezera kwa anthu, koma ntchitoyo inkayenda mwakachetechete. Mu Ogasiti 1953 zipolowe zinabuka ku Thyolo n'kufalikira m'maboma oyandikana, ndipo anthu 11 anaphedwa. Chipani cha Nyasaland African Congress chinapeza m'malimidwe nkhani imene munthu wa kumudzi aliyense ankaimva popanda womasulira. Chodabwitsa n'chakuti mizere ija, imene makolo anamangidwira, ndiyo lero aliyense amaitcha ulimi wa makolo.

M'zaka zomwezo za m'ma 1950, boma linasintha maganizo pa za wantchito wa m'tauni ndipo linasankha dera la Soche, pakati pa Blantyre ndi Limbe, kuti likhale malo a nyumba za Aafirika. Matauni awiriwa anaphatikizidwa mu 1956. Pamene panali minda ndi tchire panayamba mizere ya nyumba. Ku Kanjedza kunamangidwanso msasa umene anatsekeramo omenyera ufulu pa nthawi ya chipwirikiti cha mu 1959. Ufulu utabwera, bungwe la Malawi Housing Corporation, lokhazikitsidwa mu 1964, linapitiriza kumanga ndi kugawa mapuloti. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 110,000 mumzinda wa Blantyre. Wa 1987 anapeza oposa 330,000, ndipo wa 2018 anapeza pafupifupi 800,000.

Olowa m'nyumba zatsopanozo sanataye khasu. Kuseri kwa nyumba kunali kabedi ka mpiru ndi tomato, pakona mapapaya ndi nthochi, pabwalo mango kapena mapeyala. Mitengo ikuluikulu ya zipatso imene ikuoneka lero ku Chitawira ndi Kanjedza ndi mboni ya m'badwo umenewo. Komabe chakudya chenicheni cha tauni chinayamba kuchokera kutali. ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971 ndi likulu lake ku Limbe, inkagula chimanga kwa alimi a kumidzi n'kumagulitsa m'misika yake pamtengo woikidwa ndi boma. Kamuzu Banda ankalalikira za chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha, ndipo ankayendera minda chaka ndi chaka, koma m'maganizo a okonza mizinda munda unali chinthu cha kumudzi. Tauni inayenera kukhala yaudongo.

Maganizo amenewo anagwira ntchito pamene malipiro ankakwana thumba la chimanga. Kuyambira m'ma 1980 zinthu zinatembenuka. Ndondomeko za World Bank ndi IMF zinachepetsa mphamvu za ADMARC, malonda a mbewu anatsegulidwa kwa aliyense mu 1987, kwacha inasiyidwa kuti iziyandama mu 1994, ndipo mafakitale angapo a ku Blantyre anatsekedwa kapena kuchepetsa antchito. Njala ya 2002 inakumbutsa a m'tauni kuti ndalama m'thumba si nsima ngati pamsika palibe chimanga. Anthu anabwerera kukhasu mwaunyinji, koma malo athyathyathya anali atatha.

Choncho minda inakweranso phiri, ulendo uno pothawa umphawi. Nkhalango ya Ndirande inatha m'zaka zochepa chabe kumayambiriro kwa ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo ya Soche inatsatira njira yomweyo. Ndondomeko yake ndi yodziwika kwa aliyense wokhala m'tsinde mwa phirili. Poyamba pamabwera wofuna nkhuni ndi makala. Mitengo ikatha, wina amaunda mizere. Pakapita zaka zingapo malowo amadulidwa mapuloti, nthawi zambiri kudzera kwa mafumu a m'tauni amene akugawabe malo m'kati mwa malire a mzinda. Wogula amakumba dothi lapamwamba, lija lachonde, n'kuumba njerwa, ndipo uvuni wake umadyanso mitengo ina. Nyumba ikatha, mlimi uja amasunthira kumtunda pang'ono.

Wogulitsa munda sachita misala. Kamunda ka m'tauni kamapereka matumba ochepa kamodzi pachaka, ndiponso pokhapokha feteleza atapezeka ndipo akuba sanatsogole kukolola. Zipinda zitatu za lendi pamalo omwewo zimabweretsa ndalama mwezi ndi mwezi. Popanda lamulo loteteza malo olima, masamu amenewa amapambana nthawi zonse.

Ofufuza atsimikiza kukula kwa ulimiwu komanso tsankho limene lili m'kati mwake. Kafukufuku wa bungwe la AFSUN mu 2008 ku South Lunzu, chakumpoto kwa mzindawu, anapeza kuti mabanja oposa theka ankalima chakudya chawo. David Mkwambisi ndi anzake, pofufuza mu Blantyre ndi Lilongwe, anapeza kuti mabanja opezako bwino ndiwo amakolola zambiri, chifukwa ali ndi malo okulirapo, feteleza ndi ndalama ya aganyu. Bwana wa ku Soche East amabwereka munda ku Mpemba, ku Chigumula kapena ku Lunzu, n'kumapitako Loweruka pagalimoto. Mayi wa ku Manje amene amadalira geni amatsala ndi mtsetse wa phiri kapena gombe la mtsinje, kumene madzi othirira masamba ndi omwe aja a Naperi ndi Mudi, odzaza zinyalala ndi zonyansa za m'tauni. Pamwamba pa zonsezi khonsolo yakhala ikuchenjeza anthu kuti asabzale chimanga m'malo osaloledwa, ponena kuti chimabisa mbava ndi kuswetsa udzudzu.

Msika wa Zingwangwa umasonyeza kutalika kwa ulendo umene chakudya chikuyenda masiku ano. Amayi amalawirira kukapikula ku Limbe kapena ku Bvumbwe. Kachewere amachokera ku Tsangano ndi Bembeke, tomato wambiri ku Ntcheu ndi Dedza, manachesi ku Mwanza, zinanazi ku Mulanje. Nthochi, zimene kale zinkatsika kuchokera ku Thyolo kuno pafupi, zinapululidwa ndi matenda a chisaka, ndipo kwa zaka zambiri mzindawu wakhala ukudya zochokera ku Tanzania ndi Mozambique. Mafuta a galimoto akasowa kapena kukwera mtengo, mulu wa tomato umachepa tsiku lomwelo. Chimene sichinasinthe ndi ndiwo zamasamba zachikuda. Nkhwani, chisoso, bonongwe, kholowa ndi chitambe sizipirira ulendo wautali, zimafota, choncho zambiri zimathyoledwabe m'timinda tapafupi m'mawa womwewo. Zotsala zimafutsidwa n'kuyanikidwa, ndipo mfutso umathandiza banja m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene ndiwo zavuta.

Phiri linachenjeza mu Januwale 2015, pamene madzi osefukira anagumula nyumba ndi kupha anthu ku Chilobwe. Pa 12 ndi 13 Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza, ndipo napolo anatsika m'phiri la Soche ndi matope, miyala ikuluikulu ndi zitsa. Chilobwe ndi Manje anali pakati pa madera amene analira maliro ambiri, ndipo pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anakakhala nawo pamwambo wa maliro ku Chilobwe. M'dziko lonse boma linatsimikiza imfa za anthu oposa 670, ndipo ena oposa 500 sanapezeke. Mvula ya mtundu umenewo ikanawononga ngakhale phiri likanakhala ndi mitengo yake yonse, monga Zomba inaonera mu 1946 ndi Phalombe mu 1991. Koma akatswiri anagwirizana kuti mtsetse wopanda mitengo, wokumbidwakumbidwa ndi wodzaza nyumba, unakulitsa tsokalo.

Pambuyo pake zala zambiri zinaloza olima ndi omanga m'phiri, monga mmene atsamunda analozera mlimi mu 1949. Mbiri ya Soche ikusonyeza kuti anthuwo anafika kumeneko atakankhidwa katatu: ndi zikalata za Johnston, ndi nyumba za tauni yokula, ndiponso ndi msika wa mapuloti. Pa magawo onse atatuwa panalibe amene anapatula malo n'kunena kuti awa ndi a chakudya, asamangidwepo.

Mpata wochita zimenezo unalipo. Mu Ogasiti 2003, nduna zoona za maboma aang'ono za Kenya, Malawi, Swaziland, Tanzania ndi Zimbabwe zinasaina chikalata ku Harare cholonjeza kuti ulimi wa m'mizinda ndi m'mphepete mwake ulowe m'mapulani a mizinda. Mzinda wa Bulawayo unapita patsogolo n'kukhazikitsa ndondomeko yake ya ulimi wa m'tauni. Kuno kwathu, Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a za malo ndi a kakonzedwe ka mizinda mu 2016, ndipo malamulowo amapereka mphamvu yonena ntchito ya chigawo chilichonse cha nthaka.

Ku Nkolokosa ndi ku Zingwangwa minda ikuluikulu sidzabweranso, ndipo mtsetse wa Soche ukufunika mitengo osati chimanga. Nthaka imene ingapulumutsidwe ili m'mphepete mwa mzinda, ku Mpemba, Chigumula, Chileka ndi Lunzu, kumene zikwangwani za mapuloti ogulitsa zikuchuluka chaka ndi chaka. Khonsolo ya mzinda, khonsolo ya boma la Blantyre, unduna wa za malo ndi mafumu ali ndi mphamvu yolemba madambo ndi minda ya kumeneko kuti ndi malo olima, asanafike oumba njerwa. Akapanda kutero, madera amenewo adzatsata njira ya Soche, ndipo ulendo uno sizidzatenga zaka 100.